Nsima ya ku Bergamo, Chindapusa cha M'sitima ndi Zina Zimene Tinakumana Nazo ku Italy

Ndinakulira ku Balaka, ndipo mawu oyamba a Chitaliyana amene ndinawadziwa sindinkadziwa n'komwe kuti ndi Chitaliyana. Andiamo. Kwathu aliyense amadziwa kuti ku Andiamo n'kuti, ineyo ndinkangoti ndi dzina la malo ngati Mangochi Turn-off kapena Chingeni. Ndinali mtsikana wamkulu kale pamene ndinamva kuti mawuwa amatanthauza "tiyeni", komanso kuti ambiri mwa ansembe a chipani cha Montfort amene tinkawaona kwathu ankachokera m'dera la Bergamo, kumpoto kwa Italy. Choncho mnzanga wa ku Kenya atapeza tikiti yotsika mtengo yodzapitira ku Bergamo mu Seputembala 2024, tikadzangopereka kafukufuku wathu womaliza pasukulu ina ku Scotland, ine ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Tinalipo anayi: ine, mtsikana mnzanga wa ku Chipata amene ndinkamasuka naye pa chilankhulo chathu, mnyamata wa ku Kenya uja, ndi mnyamata wina wa ku Pakistan. Tonse tinali ana a sukulu odalira ndalama ya sikolashipi. Masiku anali 8, mizinda 4.

Nkhani ya viza ndiyambe nayo chifukwa ndi imene imagwetsa maulendo ambiri asanayambe. Viza ya sukulu ya ku Britain sikutsegulira khomo la ku Italy. Tonse anayi tinafunika viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, yomwe kuyambira mu Juni 2024 ndi mayuro 90. Anatifunsa kalata ya kusukulu, sitetimenti ya kubanki, tikiti yopita ndi yobwerera, umboni wa malo ogona usiku uliwonse, ndi inshulansi ya paulendo yofika mayuro 30,000. Mapepalawa savuta. Chovuta n'kupeza tsiku lokaonekera, chifukwa masiku amatha ngati zigumu za pa bureki. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6, ndiye yambani msanga. Ife tinayamba mu Julayi ndipo mnzathu wa ku Pakistan analandira pasipoti yake kutatsala masiku 4 kuti tinyamuke, m'mimba mukumuwira.

Bwalo la ndege limene pa tikiti amalemba kuti Milan Bergamo lili kutali ndi Milan, koma lili pakhomo penipeni pa Bergamo. Anthu ambiri amangotsika n'kukwera basi ya ku Milan. Ine ndinaumirira kuti tigone kaye ku Bergamo usiku umodzi, ndipo sindikunong'oneza bondo. Mzinda wakale, Città Alta, uli pamwamba pa phiri, wozunguliridwa ndi linga lamiyala limene anthu a ku Venice anamanga m'zaka za m'ma 1500. Mumakwerako pa kasitima kokokedwa ndi chingwe komwe kakhala kakuyenda kuyambira 1887. Usiku 10 koloko ikakwana, belu lalikulu la pa Piazza Vecchia limalira maulendo 100. Kale chinali chizindikiro choti zipata za mzinda zikutsekedwa. Ife tinalimva tili pakati pa chakudya chimene ndikufuna kukuuzani.

Tinalowa m'kalesitilanti kena kakang'ono m'kanjira kakumbali. Amayi achikulire amene ankaperekera zakudya anabweretsa mbale yanga: chinthu chachikasu, chofuka nthunzi, choumbidwa bwinobwino, pambali pake nyama yamsuzi ndi bowa. Mnzanga wa ku Chipata anayang'ana mbaleyo, n'kundiyang'ana ine.

"Iwe mwana, takwera ndege kudzadya nsima?"

Inalidi nsima, kungoti iwo amati polenta. Ufa wake ndi wa chimanga chachikasu, wamiseremisere kuposa mgaiwa, amathira mchere pophika, ndipo amavundula nthawi yaitali kwambiri, kupitirira theka la ola, mumphika wamkuwa ndi mthiko ngati wathu womwewu. Ilinso ina yoderapo yotchedwa taragna imene amasakaniza ndi ufa wa mbewu ina, batala ndi tchizi, moti ukanyema imanyanduka ngati therere. Ndinayesa ndi foloko katatu konse, kenako ndinapita kukasamba m'manja. Amayi aja atandiona ndikuumba mbamu anaima, manja m'chiuno. Ndinawaonetsa pafoni chithunzi cha mayi anga akuomola nsima ndi chipande. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuitana mkulu wina kukhitchini kuti adzaonenso. Atamva mawu oti Malawi anagwedeza mutu, anatchula mawu oti missionari, n'kuloza chakumusi kwa phiri. Zina zonse zimene ananena sindinazimve, koma tchizi china chinabwera patebulo chomwe sichinalembedwe pa bilu.

Usiku womwewo tinaphunzira kawerengedwe ka menyu ya kumeneko. Primo ndi pasta, mpunga kapena supu. Secondo ndi nyama kapena nsomba, ndipo nthawi zambiri imabwera yokha, yopanda chodyera. Masamba kapena mbatata ndi contorno, mumaitanitsa padera. Simukakamizidwa kuitanitsa zonse. Mwana wa sukulu primo imodzi imamukwanira. Tinazindikiranso kuti mnzathu wa ku Pakistan, yemwe ndi Msilamu, ali ndi ntchito. Nkhumba ku Italy imabisala m'zakudya zambiri ndi maina ambiri: pancetta, guanciale, prosciutto, lardo, salsiccia. Casoncelli, pasta ya ku Bergamo yomwe aliyense amaichemerera, ili ndi nyama m'kati ndipo amawaza pancetta pamwamba. Ngati simudya nkhumba, lowezani mawu oti senza maiale, ndipo muzifunsa ngakhale mbale ikuoneka ya masamba okhaokha.

M'mawa mwake m'pamene tinalakwitsa.

Popita ku Venice tinasankha masitima otsika mtengo, a regionale, osintha ku Brescia ndi ku Verona. Mnzathu wa ku Kenya anagula matikiti a tonse pa makina a pasiteshoni, a pepala. Tinathamanga n'kukwera. Tisanafike patali kunabwera woyendera matikiti. Anawatembenuza uku ndi uku, n'kufunsa chidindo. Chidindo chanji? Kani tikiti ya pepala ya sitima zoterezi umayenera kuilowetsa kaye m'kamakina kakang'ono ka papulatifomu kuti kadindepo tsiku ndi nthawi. Popanda chidindocho amakuona ngati ukufuna kudzaigwiritsanso ntchito. Timakinato tinatidutsa tikuona, koma palibe anafunsa kuti n'tachiyani. Safunsa anadya phula. Tinalipira mayuro 50 aliyense pompo, pa khadi. Mkuluyo sanakalipe, sanamwetulire, anangolemba risiti.

Mayuro 50 kwa ine inali chakudya cha masiku awiri. Kuchokera pamenepo mpaka kufupi ndi Verona m'ngolo yathu munali zii. Kenako mnzanga wa ku Chipata analephera kudzigwira, anati amene anagula matikiti ndiye anayenera kuwerenga zolembedwa. Wa ku Kenya anati iye sanalembedwe ntchito ndi munthu, ndipo kuyambira ku Scotland ndi iye yekha amene wakhala akusakasaka ndege ndi malo ogona ife tikungotumiza tizithunzi ta kuombera m'manja pa WhatsApp. Zinali zoona. Kenako zinatuluka zina zimene sizinkakhudzana ndi sitima: kuti dzulo lake bilu tinagawana mofanana pamene wa ku Pakistan sanamwe vinyo ndipo anadya chotchipa kuposa tonse, kuti wina amayenda msanga osadikira anzake, kuti wina amachedwa kudzuka.

Ine ndinali chete, koma vuto lalikulu linali langa. Pa ndalama yanga ya sikolashipi ndinkatumiza ina kumudzi mwezi uliwonse, fizi ya mng'ono wanga ndi feteleza. Anzanga sankadziwa. Aliyense akati tilowe apa, ine ndinkangoti chabwino, mumtima ndikuchotsera. Manyazi onena kuti ndilibe ndi amene akanandibweza ku Scotland ndi ngongole. Pa siteshoni ya Verona, titakhala pa zikwama zathu kudikira sitima ina, ndinawauza chilungamo: ndatsala ndi zakutizakuti, ndipo pa tsiku sindingapyole mayuro 30 pa chakudya ndi zolowera m'malo. Ndinkayembekezera kuti andimvera chisoni, zomwe ndinkaziopa kwambiri. M'malo mwake wa ku Pakistan anapumira m'mwamba n'kunena kuti iyenso ndi chimodzimodzi, ankangoopa kukhala woyamba kunena.

Tinagwirizana pomwepo. Zinthu za tonse, monga matikiti a sitima, msonkho wa mzinda umene malo ogona amalipiritsa usiku uliwonse, ndi zogula ku supamaketi, tizisonkha m'thumba limodzi, msungichuma akhale mnzanga wa ku Chipata poti ndiye wolimba mtima pa ndalama. Ku lesitilanti aliyense azilipira chimene wadya. Tsiku lililonse tizidya chakudya chimodzi chokhala pansi, chinacho choyenda nacho. Ndipo wofuna kulowa malo odula azilowa, osafuna azimudikira panja popanda kukwiyirana. Izi tikanakambirana tili ku Scotland pa kapu ya tiyi, bwenzi mawu ena amene analankhulidwa m'sitima muja asanalankhulidwe.

Ku Venice tinagona ku Mestre, kumtunda, komwe mabedi amatsikako mtengo, n'kumalowa mumzinda pa sitima ya mphindi 10 yodutsa pamwamba pa madzi. Ukatuluka pa siteshoni ya Santa Lucia, m'malo mwa msewu pali madzi, m'malo mwa minibasi pali maboti. Ndakulira kufupi ndi Shire ndipo nyanja ndimaidziwa, koma nyumba zosanja zamiyala zitaima m'madzi, zitseko zake zikutsegukira pa mafunde, ndinaima kukamwa kuli yasa mpaka munthu wa sutikesi anandigunda. Boti la anthu onse, vaporetto, linali mayuro 9.50 ulendo umodzi. Gondola, bwato lakuda lija mumaliona pazithunzi, mayuro 90 pa theka la ola. Ife tinakwera traghetto, gondola yongoolotsa anthu pa Canal Grande, mayuro 2. Ndi mphindi ziwiri zokha, koma chithunzi chimatuluka chimodzimodzi, ndipo a kumudzi sanafunse kuti tinakhalamo nthawi yaitali bwanji. Kwina konse tinayenda wapansi, kukwera ndi kutsika milatho, kusochera n'kupezekanso. Dziwaninso kuti kuyambira 2024 pali masiku ena amene obwera kudzangoswera amalipira polowa mumzindawu, ndiye onani kalendala yake musanapite.

Ku Venice komweko tinagwanso m'mbuna yachiwiri, ulendo uno chifukwa cha njala. Inali 2 koloko masana, miyendo itatopa, pafupi ndi San Marco. Pakhomo pa lesitilanti ina panaima mnyamata woitanira anthu, menyu ili ndi zithunzi ndi zilankhulo zisanu. Wa ku Kenya anaona nsomba ya mayuro 7, n'kuitanitsa mokondwa. Sanaone timawu tating'ono pambali pake: all'etto. Ndiye kuti mtengowo ndi wa magalamu 100. Nsomba inali ya magalamu 600. Pa bilu panalinso coperto, ndalama ya mpando, nsalu ya patebulo ndi buledi, mayuro 3 munthu aliyense, kuphatikizapo madzi a m'botolo amene tinkayesa aulere. Coperto si kuba, ndi chizolowezi chawo ndipo imalembedwa pansi pa menyu, koma sitinawerenge. Wa ku Kenya anadya nsomba yake mpaka mutu ndi maso omwe, akuti pa mtengo umenewo ngakhale minga ndi yake.

Kuyambira tsiku limenelo malo alionse okhala ndi woitanira pakhomo tinkawalambalala. Madzulo ake tinapeza tomwera tating'ono totchedwa bacari chakuseri kwa msika wa Rialto, komwe anthu amadya ataimirira tizakudya totchedwa cicchetti: kabuledi kopaka nsomba yosinja, nsomba zazing'ono zonga usipa wonenepa zophikidwa ndi anyezi ndi viniga, timipira ta nyama. Umaloza chimene ukufuna, chilichonse mayuro awiri kapena atatu. Tinakhuta ndi theka la ndalama ya masana.

Za Florence sindinena zambiri, poti tinagonako usiku umodzi wokha ndipo mvula inatidula. Tinakwera masitepe 463 a denga lozungulira la tchalitchi chachikulu, lomwe mmisiri Brunelleschi anamaliza mu 1436, m'tinjira topanikiza moti wamantha asayerekeze. Chiboliboli chotchuka cha David wa m'Baibulo, chenichenicho, chili m'nyumba ya Accademia ndipo wa ku Kenya yekha ndiye analowa. Enafe tinakhutira ndi chofanizira chake chimene chaima pabwalo la Piazza della Signoria kwaulere. Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi lampredotto. Ndi chifu cha ng'ombe, zam'kati zomwezi timagula pa chiwaya, chowiritsidwa mpaka kufewa, choikidwa m'banzi loviikidwa mumsuzi, n'kuthira sosi wobiriwira ndi tsabola. Amagulitsa pa tingolo ta m'mbali mwa msewu, ndipo pamzere pamakhala amisiri ovala maovolosi pamodzi ndi a masuti. Alendo ena ankachita tsinya akamva kuti n'chiyani. Ine ndi mnzanga wa ku Chipata tinabwereza. Buledi wa kumeneko alibe mchere, musadabwe n'kuyesa kuti wophika anaiwala.

Ku Rome tinapita pa sitima yothamanga, ola limodzi ndi theka, chifukwa matikiti ake tinagula kudakali milungu ingapo pa intaneti ndipo anali otsika. Masitima amenewa ukagula tsiku lomwelo mtengo umakwera kwambiri. Mzindawu tinaupeza uli m'kati mokonzedwa poyembekezera chaka cha Jubile cha 2025, malo ambiri atatchingidwa ndi malata ndi nsalu, komabe zotsalazo zinali zambiri kuposa miyendo yathu. Tikiti ya Colosseum, bwalo la masewera la Aroma akale, inali mayuro 18, yolowera ndi ku mabwinja a Forum ndi phiri la Palatine, ndipo imalembedwa dzina lako, choncho pasipoti isatsale ku hositelo. Tinkayembekezera mtengo wa ana a sukulu, koma mtengo wotsika wa azaka 18 mpaka 25 ndi wa nzika za mayiko a EU. Khadi lathu la yunivesite analiyang'ana ngati khadi la sikelo. Ku Pantheon, kachisi wa Aroma akale komwe kale kunali kwaulere, anayamba kulipiritsa mayuro 5 mu Julayi 2023. Koma matchalitchi ambiri ndi aulere, ndipo m'menemo muli zojambula zoti kwina ungalipire kuti uzione. Madzi musagule. M'misewu muli mipopi yachitsulo yotchedwa nasoni imene imangotuluka madzi ozizira usana ndi usiku. Ukatseka kukamwa kwa mpopi ndi chala, madzi amatumphukira pa kabowo ka pamwamba n'kumwa ngati mwana wa pa mjigo.

Panja pa Colosseum mnyamata wina wakuda anandipatsa moni ngati mlongo wake, n'kufunsa kwathu. Malawi sankaidziwa, koma mnzanga atati Zambia anakuwa za chikho cha Africa cha 2012. Iye anati ndi wa ku Senegal. Tikuseka choncho, kachingwe kamikanda kanali katamangidwa kale padzanja langa, akuti mphatso, kenako nkhani ya mwana wake wodwala inayamba. Ndinkadziwa kuti ndi njira yopezera ndalama, ndinali nditachenjezedwa, komabe ndinamupatsa mayuro 2. Zinandikhala pamtima kuti Aafirika ambiri amene tinalankhula nawo m'mizinda imeneyi anali a ntchito zoterezi, pamene ife tinali ndi matikiti m'manja. Ngati simukufuna, manja akhale m'thumba, nenani no, grazie, osaima. Ndipo m'basi ndi m'sitima za pansi chikwama chizikhala kutsogolo, pamimba.

Ku tchalitchi cha Petulo Woyera kulowa n'kwaulere, koma mzere wa chitetezo ndi wautali ndipo salola mapewa kapena maondo pamtunda, mwamuna kapena mkazi. Tinafika 7 koloko m'mawa kuthawa mzerewo. Wa ku Kenya anali atavala kabudula. Mlonda anangoloza maondo ake n'kupukusa mutu. M'chikwama changa simusowa chitenje, ndi mmene mayi anandilerera. Ndinamumanga m'chiuno mwachizimayi, mfundo kumanzere, ndipo analowa m'tchalitchi chachikulu chija akuyenda timasitepe ting'onoting'ono ngati mkamwini woyamba kuonekera kwa apongozi. Masisitere ena a ku Africa amene tinakumana nawo m'katimo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ine ndinagwada kumbuyo n'kupempherera agogo anga, amene anaimba kwaya ya Chikatolika moyo wawo wonse osadutsapo Zalewa.

Chakudya cha ku Rome ndiye chinatikomera mtima ndi thumba lomwe. Masana tinkadya pizza al taglio, imene amadula ndi sizasi n'kuyeza pa sikelo. Umasonyeza ndi manja kukula kwake. Tinkaonjezera supplì, mpira wa mpunga wokazinga wokhala ndi tchizi pakati. Madzulo malesitilanti enieni satsegula isanakwane 7:30, ndipo amene ali otsegula 5 koloko ndi a alendo. Ku dera la Testaccio ndinadya carbonara yoyamba yeniyeni: dzira, tchizi cha mkaka wa nkhosa, tsaya la nkhumba lokazinga ndi tsabola wakuda, popanda kirimu ngakhale dontho. Wa ku Pakistan anapeza mpumulo pa cacio e pepe, tchizi ndi tsabola basi, ndipo anadya yomweyo masiku atatu otsatizana. Khofi imwani mutaimirira pa kauntala ngati eni ake, chifukwa mukakhala pampando, makamaka pabwalo lotchuka, mtengo umasintha. Mukati latte akupatsani mkaka woyera m'tambula, monga anachitira ndi mnzanga wa ku Chipata, amene anamwa wonse mwaulemu ngati ndi zimene ankafuna.

Titawerengera zonse, kuphatikizapo viza, ndege, chindapusa chija ndi malo ogona, ine ndinawononga mayuro pafupifupi 850. Tikiti yathu ya ndege inkalola kachikwama kamodzi kolowa pansi pa mpando, choncho mphatso zinali zosatheka. Wa ku Kenya anagula botolo la mafuta a olivi ndipo linatsala pa chitetezo cha pabwalo la ndege chifukwa linapyola mamililita 100. Ine ndinavala majuzi awiri ndi jekete kuti m'chikwama mupezeke malo a paketi ya kilogalamu imodzi ya ufa wa polenta.

Loweruka lotsatira ku Scotland ndinauphika mwa kwathu, wopanda mchere, wolimba, ndiwo zake nyemba ndi kabichi. Unandivuta kugwirana, ndinachita kuthira ufa woyera pang'ono. Ndinaimbira mayi pa vidiyo kuti aone nsima ya kwawo kwa abambo aja a ku parishi. Anaisuzumira pafoni, n'kuitana azakhali.

"Tabwerani mudzaone. Mwana uja akudya ufa wachikasu wa chithandizo, uja tinkalandira nthawi ya chilala. Iwe, ndalama zakuthera eti? Usatumize za mwezi uno."